Likodzo ndi sukulu m'mbali mwa nyanja ku Salima

Malungo sabisika. Thupi la mwana likatentha, mayi amamubereka kuthamangira kuchipatala, ndipo aphunzitsi amadziwa chomwe wajombera. Likodzo limadya mwakachetechete, n'chifukwa chake linakhalitsa m'midzi ya ku Senga Bay, Chipoka ndi Lifuwu anthu osaliwerengera kwenikweni. Dokotala Theodor Bilharz anaona nyongolotsi yake ku Cairo mu 1851, koma m'madera ambiri a kunyanja mnyamata wokodza magazi ankangoti akukula. Akanadabwa ndani, poti anzake onse osambira nawo ankakodza chimodzimodzi? Tizilombo ta likodzo timachoka m'nkhono za m'madzi odikha, m'mabango ndi m'minda ya mpunga, n'kulowa pakhungu la mwana amene akusamba, kutsuka mbale kapena kukoka nawo khoka. Kusukulu amapita ndithu, koma magazi atachepa, akungosinza m'kalasi.

Chinatembenuza zinthu si mankhwala okha. Praziquantel anapezeka m'zaka za m'ma 1970, koma panalibe pofikira ana ambiri nthawi imodzi. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya kupulayimale mu 1994, ana olembetsa anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo bwalo la sukulu linakhala malo omwe alangizi a zaumoyo angapezepo ana a midzi ingapo ali pamzere. Kampani ya Merck inayamba kupereka mapiritsiwa kwaulere kudzera ku bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2007. Mwana amaima pa ndodo yoyezera msinkhu, n'kulandira mapiritsi molingana ndi kutalika kwake.

Ena amati n'kutaya nthawi, popeza mwana wamwa mankhwala m'mawa, madzulo wabwerera m'madzi omwewo. Zoona amabwerera, ndipo kumuletsa nyanja popanda mjigo pafupi n'kudzinamiza. Komabe chimawononga chikhodzodzo ndi mazira ounjikana zaka zambiri, ndipo kumwa mankhwala mobwerezabwereza kumachepetsa nyongolotsi zoikira mazirawo. Makolo odandaula kuti mapiritsiwa amachititsa chizungulire sakunama. Amavutadi pamimba yopanda kanthu, ndiye phala liyambe. Dandaulo lolemera n'lakuti njira yodalira sukulu imaphonya amene likodzo lawagwira kwambiri: mnyamata amene wagona kudooko kudikira usipa, mtsikana wopirikitsa mbalame m'munda wa mpunga, ndi ang'onoang'ono osayamba Sitandade 1, amene mapiritsi aakulu ndi owawawa amawakanika kumeza.