Tauni ya Zomba ndi Eni Ake

Pamene Harry Johnston anasankha Zomba kuti ikhale likulu la boma lake m'chaka cha 1891, pamalopo panalibe tauni. Panali minda ya John Buchanan m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, ndiponso nyumba imodzi yaikulu imene Buchananyo anamangira kazembe wa Angerezi, Hawes, cha m'ma 1886. Nyumbayi ndiyo inadzasanduka hotela ya Masongola patapita zaka zambiri. Kupatula izi, dera lonse linali midzi ya Amang'anja ndi Ayao, pansi pa mafumu monga Malemia ndi Mlumbe. Johnston anakopeka ndi madzi osaphwa otsika m'phiri, mphepo yozizira bwino, komanso chifukwa chakuti pamenepo ankatha kuyang'anira njira za ogulitsa akapolo zodutsa pakati pa phirilo ndi nyanja ya Chilwa.

Motero Zomba inabadwa mosiyana ndi Blantyre. Blantyre inayamba ndi amishoni ndi amalonda, pamene Zomba inayamba ndi boma. Ichi ndicho chinapatsa tauniyi ulemerero wake, koma ndichonso chinaiika pamthunzi. Mbewu yomera pansi pa mkuyu siikula bwino. Kwa zaka zoposa zana limodzi, ulamuliro wa eni tauni unali ngati mbewu yotero, ndipo mkuyuwo linali boma lalikulu.

Khonsolo ya tauni ya Zomba inakhazikitsidwa m'chaka cha 1900. Ntchito zake zinali zimene khonsolo iliyonse imagwira: kukonza misewu ndi ngalande, kusamala msika, kuchotsa zinyalala, ndi kuona kuti ndowa za m'zimbudzi zatayidwa, pakuti masiku amenewo zimbudzi za m'tauni zinali za ndowa. Ndalama zinkachokera ku msonkho wa malo ndi nyumba. Apa ndiye panagona nkhani. Munthu wokhala ndi mawu mu khonsolo anali mwini malo wolipira msonkhowo, ndipo eni malo anali azungu ndi amwenye a masitolo. Kwa zaka zambiri munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe mu khonsoloyi.

Chikhalirecho akuda ndiwo anali ochuluka, ndipo popanda iwo tauniyo sikanayenda ngakhale tsiku limodzi. Iwo ndiwo anaumba njerwa za maofesi, ndiwo ankanyamula mabwana pa machira, ndiwo ankasindikiza mapepala a boma, kuphika m'mayadi ndi kuthamanga ndi makalata. Azungu anamanga nyumba zawo chakumtunda, m'mapazi mwa phiri, pomwe udzudzu unali wochepa. Amwenye anali chakumunsi, pafupi ndi msika. Asilikali a Keyala, apolisi ndi makalaliki ena anali ndi malaini awo. Otsalawo ankagona kunja kwa malire a tauni, m'midzi ya mafumu, pamodzi ndi Alomwe amene anayamba kulowa m'dziko muno mwaunyinji kuchokera ku Mozambique chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. M'mawa uliwonse khamu la anthu linkakwera kukagwira ntchito, ndipo dzuwa likapendeka linkatsika. Masana anali anthu a tauni, usiku anali anthu a mfumu. Msonkho wa nyumba ankapereka kwa Bwana Disii, milandu yawo inkaweruzidwa pabwalo, makamaka lamulo la 1933 litapatsa mafumu mphamvu ndi makhoti awo, koma za msewu, madzi ndi msika wa m'tauni panalibe wowafunsa.

Sikuti anthuwa anangopinda manja. Popeza makalaliki ophunzira ochokera m'zigawo zonse ankakumana ku Zomba, mabungwe a anthu akuda anapeza nthaka yachonde kumeneko. Levi Mumba, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa bungwe loyamba la mtunduwu kumpoto m'chaka cha 1912, anadzakhala ku Zomba ndi kutsogolera komiti yoimira mabungwe a kumpoto pamaso pa boma. Ndi Mumba yemweyo amene anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Chodabwitsa n'chakuti anthuwa ankatha kulemba makalata odandaula kwa Bwanamkubwa za dziko lonse, koma analibe mpando pa tebulo lokambirapo za ngalande yodutsa pakhomo pawo.

M'mwezi wa Disembala 1946 phiri linaonetsa kuti madzi sadziwa malire a khonsolo. Mvula yoopsa inagwa kosalekeza kwa masiku awiri, nthaka ya m'phiri inagumuka, ndipo matope, miyala ndi mitengo zinatsika ndi mkokomo. Milatho inakokoloka, misewu inaduka, ndipo likulu la dziko linakhala kwa kanthawi ngati chilumba. Anthu oposa makumi awiri anafa, ambiri mwa iwo a m'midzi ya m'munsi mwa phiri. Akuluakulu anati wadutsa ndi Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula zonse. Oimba otchuka, abale a Paseli, anapeka nyimbo ya Napolo imene inamveka m'dziko lonse. Milatho inamangidwanso ndi ndalama za boma. Koma mbiri ya tsokalo, monga momwe anthu wamba anaimvera, inasungidwa ndi nyimboyo, osati ndi mabuku a khonsolo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Atsamunda anayamba kusintha maganizo. Mu 1949 anthu akuda awiri oyamba analowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba komweko. Chaka chomwecho ku Domasi, kumpoto pang'ono kwa tauniyi, boma linayamba kuyesa chitukuko chotsogoleredwa ndi eni midzi, ndipo mu 1953 linakhazikitsa lamulo la makhonsolo a maboma. Zinali zabwino, koma zinadza mochedwa. Chaka chomwecho cha 1953 ndi chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, ndipo anthu ankakayikira chilichonse chochokera m'manja mwa boma. Ufulu utayandikira, zitseko za makhonsolo zinatseguka kwa onse, ndipo kwa zaka zowerengeka zinaoneka ngati mbewu ija yapeza dzuwa.

Dzuwalo silinakhalitse. Dziko litakhala la chipani chimodzi mu 1966, munthu sakanakhala khansala popanda dalitso la Malawi Congress Party, ndipo khansala wanzeru ankayang'ana kumwamba asanayang'ane anthu a m'dera lake. Ntchito za chitukuko m'maboma zinapita ku makomiti otsogoleredwa ndi Disii. Panabweranso chigamulo chachikulu kuposa zonse m'mbiri ya tauniyi, chosamutsira likulu ku Lilongwe. Chinali ndi zifukwa zake zomveka, pakuti Zomba ndi yopanikizika pakati pa phiri ndi dambo, ndiponso chitukuko chinali chitaunjikana kumwera. Komabe eni tauni anangomva monga momwe anamvera wina aliyense. Ntchito yomanga inayamba ndi ngongole yochokera ku South Africa, ndipo mu 1975 likulu linasamuka. Maunduna anapita ndi makalaliki awo, ndipo pambuyo pawo panatsala atelala, ogulitsa ndiwo ndi eni nyumba za lendi opanda makasitomala.

Chimene chinapulumutsa Zomba chinachokeranso kumwamba. Mu 1973 koleji ya Chancellor inasamuka ku Chichiri kudzakhala ku Chirunga, ndipo ophunzira ndi aphunzitsi analowa m'malo mwa makalaliki aja. Asilikali, apolisi, ndende yaikulu ndi nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma zinatsala, ndipo aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka m'zaka za m'ma 1990. Mu 1977 tauniyi inali ndi anthu pafupifupi 24,000.

Ambiri anayembekeza kuti ndale za zipani zambiri zidzabwezera mphamvu kwa eni dera. Lamulo latsopano la maboma ang'ono linaperekedwadi mu 1998, ndipo mu Novembala 2000 makhansala anasankhidwa, ngakhale kuti ovota anali ochepa momvetsa chisoni. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china chinangokhala chikuimitsidwa chaka ndi chaka. Motero pamene Zomba inkakwezedwa kukhala mzinda mu 2008, inalibe khansala wosankhidwa ngakhale mmodzi woti alandire ulemuwo m'malo mwa anthu.

Makhansala anabwereranso mu Meyi 2014, patatha zaka zisanu ndi zinayi. Anapeza mzinda umene kalembera wa 2018 anadzaonetsa kuti unali ndi anthu oposa 105,000. Midzi ija imene antchito ankatsikirako madzulo, monga Chikanda ndi Chinamwali, inali italowa kale m'malire a mzinda. Nyumba zambiri kumeneko zinamangidwa popanda mapulani a khonsolo, pa malo amene anagawidwa ndi mafumu, ndipo ofuna kulambula msewu kapena kukumba ngalande anayenera kuyamba akagogoda kwa nyakwawa.