Malipoti a migodi afike pabwalo la mfumu

Kwa Kaphuka ku Dedza, mitengo ya kumanda sidulidwa wamba. Wodula amaitanidwa kubwalo kukayankha pamaso pa mudzi wonse. Makampani akunja okumba miyala nawonso amayankha, koma kwa eni masheya, kudzera m'malipoti a bodi yawo, kutali ndi anthu amene fumbi limawagwera.

Lamulo loteteza chilengedwe la 1996 lidati ntchito zikuluzikulu zisayambe popanda kafukufuku wa mmene zingakhudzire nthaka, madzi ndi anthu. Mphamvu za lamuloli zidayesedwa pamgodi wa yureniyamu wa Kayelekera m'boma la Karonga. Mu 2007 boma lidasainirana mgwirizano ndi kampani ya Paladin ya ku Australia, n'kutenga magawo 15 pa 100 alionse a mgodiwo. Mabungwe omwe si aboma adathamangira kukhoti podandaula kuti kafukufuku adali woperewera, koma nkhani idathera pokambirana. Mgodi udatsegulidwa mu 2009, n'kuimitsidwa mu 2014 mtengo wa yureniyamu utagwa.

Mu Januwale 2015, chimvula chidaononga thanki ina pamgodipo. Kampani idalengeza izi kumsika wa masheya ku Australia, m'Chingerezi. Chikalatacho adalembera ogula masheya, osati mayi wotunga madzi mumtsinje wa Sere pafupi ndi mgodiwo. Chaka chomwecho bungwe la ActionAid lidati m'zaka zisanu ndi chimodzi Malawi idataya misonkho yokwana madola 43 miliyoni pamgodi umodziwu.

Kuchokera apo malamulo akhwima. Mu 2015 Malawi idalowa m'gulu la EITI, lomwe limafuna kuti ndalama za migodi ziziululidwa. Lamulo la 2017 lidabala MEPA, bungwe loyang'anira chilengedwe, ndipo la ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito mu 2020, chaka chimene kampani ya Lotus Resources idagula Kayelekera. Lero kampani ya Sovereign Metals, momwe kampani ya Rio Tinto ili ndi masheya, ikukonzekera kukumba ku Kasiya m'boma la Lilongwe.

Chotsala ndi chimodzi: lipoti lifike kwa eni nthaka. Mabodi a makampaniwa aphunzire mwambo wa kuno, woti nkhani ya mudzi imakambidwa poyera. Mafumu ndi makomiti a chitukuko, musavomere ntchito ya mgodi musanamve lipotilo likuwerengedwa pabwalo m'chilankhulo chanu, anthu n'kufunsa mafunso mpaka atakhutira.