Thandika Mkandawire ndi Funso la Mlimi wa Kumudzi

Lero sitikamba za mizere kapena za manyowa ayi. Tikamba za munthu amene anatha moyo wake akulimbana ndi funso limene inu mumafunsa chaka ndi chaka: kodi Boma lili ndi gawo lanji pa mtengo wa feteleza ndi wa chimanga? Dzina lake ndi Thandika Mkandawire.

Bambo ameneyu anabadwa m'chaka cha 1940 ku Gwanda, m'dziko la Zimbabwe, koma atate ake anali a kuno kwathu. Anaphunzira ku Zomba, nalemba nkhani mu nyuzipepala ya Malawi News pa nthawi yomenyera ufulu, kufikira Boma la atsamunda linamponya m'ndende. Pambuyo pake anapita ku Ohio State University, ku America, kukaphunzira za chuma cha maiko. Mu 1965 Boma la Malawi linamlanda pasipoti chifukwa cha maganizo ake, ndipo anakhala kunja zaka pafupifupi 30. Anatsogolera bungwe la CODESRIA ku Dakar, limene limasonkhanitsa anthu ophunzira a mu Africa, ndiponso bungwe lofufuza za chitukuko la United Nations ku Geneva kuyambira 1998 mpaka 2009. Potsiriza anaphunzitsa ku London School of Economics. Anamwalira ku Stockholm mu 2020.

Tsopano tibwerere kwathu. Kuyambira mu 1981 dziko la Malawi linatenga ngongole ku World Bank zimene zinabwera ndi malamulo ake. Eni ngongole anati Boma lichotse dzanja lake pa malonda, msika udziyendetse wokha. Chomwecho mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu, ndipo misika ina ya ADMARC inatsekedwa. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990, chithandizo cha pa mtengo wa feteleza chinatha. Zabwino zinalipo ndithu, pakuti mu 1990 alimi a m'midzi analoledwa kulima fodya wa bale. Koma akuluakulu mukukumbukira: wokhala pafupi ndi msewu ku Mponela anapeza ogula ambiri, pamene wa kuseri kwa phiri anatsala ndi wogula mmodzi ndi sikelo yake.

Pa zimenezi Mkandawire anaphunzitsa zinthu zitatu.

Choyamba, m'buku la Our Continent, Our Future, limene analemba mu 1999 pamodzi ndi Charles Soludo wa ku Nigeria, anasonyeza kuti mankhwala a eni ngongole sanachize matenda. Kudula ndalama za Boma kunaimitsa misewu, mafakitale ndi ulangizi, zomwe ndizo mizu ya chuma.

Chachiwiri, anakana bodza lakuti maboma a mu Africa sangathe kutukula anthu awo. Anakumbutsa kuti maiko a ku Asia amene analemera msanga anatero Boma likutsogolera, ndiponso kuti Botswana ndi Mauritius anachita bwino muno momwe. Sukulu ndi chipatala, iye anati, si mphatso ayi, koma mbewu zobzalidwa mwa anthu.

Chachitatu, anadandaula ndi ufulu wosankha wopanda chosankha: anthu kuponya voti, koma ndondomeko ya chuma italembedwa kale kunja.

Musaganize kuti iye ankati Boma sililakwa. Munthu amene analandidwa pasipoti anadziwa bwino kulemera kwa dzanja la Boma. Ndipo n'zoona kuti m'zaka za m'ma 1970 ADMARC inkagula mbewu zanu motsika mtengo, phindu lake n'kupita ku maesiteti. Koma denga likadontha, mwini nyumba amafolera. Sagwetsa nyumba yonse. Ndiwo anali maganizo ake.

Njala ya 2002 itatiphunzitsa, mu 2005 Boma linabweza chithandizo cha feteleza kudzera m'makuponi, ngakhale ena mwa othandiza dziko sanakondwe nazo. Mkangano wake sunathe, pakuti ndalama zake ndi zambiri, ndipo enanso amati zikanapita ku ulimi wothirira.

Tsono inu a mfumu, ndi inu alimi, mkangano umenewu ndi wanu. Pamene phungu kapena mlangizi afika pa bwalo panu, mufunseni: msika wathu uli kuti, ndalama zake zichokera kuti, ndipo anagamula ndani? Mukafunsa motero, mwayenda m'mapazi a Mkandawire.

Tsalani bwino nonse.