Mbiri ya Nyali ya Cipanda

Munthu akalowa madzulo m'nyumba zina za ku Kabulonga, aona nyali yolenjekeka imene siinacokere ku sitolo: cipanda coboola timabowo tambirimbiri, ndipo kuwala kwake kugwa pa khoma monga dzuwa lopyola m'masamba a mkuyu. Anyamata ena ayesa kuti nzeru imeneyi inadza ndi Azungu. Kunena zoona, ca Azungu m'menemo ndi babu lokha.

Makolo athu sanali kugona mumdima cifukwa cosowa nzeru ai. Anali ndi muuni wa udzu, ndiponso anali kutunga nsatsi zosenda pa kamtengo, nayatsa ya pamwamba. Ikatha iyo, moto unatsikira pa inzake. Palafini atafika ndi amasitolo, kunabadwa koloboi: kabotolo kapena kacitini, cotsekera coboola pakati, ndi kansanza kopota. Amene anawerengerapo mayeso pa koloboi akumbukira mphuno zakuda za m'mawa.

Lusaka atasanduka likulu mu 1935, kuunika kunagawidwa monga umo anagawira malo. Kumayadi kunali magetsi. Ku Kabwata, kumene Boma linamangira anchito tinyumba tozungulira ta udzu, kunali koloboi. Khoma la Kariba linatha mu 1959, ndipo anthu a mtundu wa Atonga ngati 57,000 anasamutsidwa pa magombe onse awiri a Zambezi kuti madzi adzaze cigwa cao. Ici ndicichula cifukwa madengu a mlaza amene Atonga aluka ndiwo ena mwa amene anthu avundikira nao mababu m'nyumba za olemera, pamene midzi yambiri ya olukawo inakhala zaka makumi osaona waya wa magetsi.

Tinyumba ta ku Kabwata tambiri tinagwetsedwa, koma totsala tinasungidwa mu 1974 kukhala mudzi wa amisiri osema ndi oluka. Kumeneko, ndi pa msika wa zamanja umene kwa zaka zambiri unali kucitika kamodzi pa mwezi pa bwalo la chalichi ca Dutch Reformed ku Kabulonga, mmisiri anakomana ndi wogula amene anafuna nyali yokongoletsa nyumba, osati yongocotsa mdima.

Tsono nchito yake siiri yapafupi. Mmisiri asankha cipanda couma bwino, cimene mbeu zake zilira akacigwedeza. Adula kunsi, nakokota zam'kati kufikira khungu litayera. Pamenepo ajambula ndi khala cifanizo ca tsamba, mamba a nsomba kapena ukonde wa kangaude, koma sangacite monga afuna iye mwini, pakuti cipanda ciri conse ciri ndi khosi lake ndi mimba yake, ndipo cithunzi ciyenera kutsata thupilo. Aboola ndi msomali wotentha, bowo limodzi limodzi. Usiku alowetsa kandulo nayang'ana pa khoma, osati pa cipanda, popeza cimene agulitsa ndico mthunzi. Mabowo akathinana, khungu ling'aluka. Akatalikirana, cipinda cikhala cakuda bii. Coyamba ndi caciwiri kawirikawiri zionongeka, ndipo mmisiri wanzeru sazitaya, azisunga kuti apimirepo cacitatu. Mababu akale anali kutentha kotero kuti cipanda cinawauka ndi kununkha, cifukwa cace anasiya bowo lalikulu pamwamba lotulukira mpweya. Mababu a LED, amene satentha kwambiri, anacepetsa vuto limeneli.

Mu 2024 mvula inakana, madzi a Kariba anatsika, ndipo masiku ena magetsi anayaka maola owerengeka okha. Zipanda za ku Kabulonga zinalenjekeka zakuda pa denga. A ndalama anagula majenereta ndi magalasi a sola, ndipo m'makomboni ana ambiri anawerenga pa kandulo, pa tochi ya foni, ena pa koloboi.