Macheka a Magetsi Odula Matabwa Mopendeketsa

Macheka amenewa, omwe amisiri amawatchula kuti mitre saw, ndi makina okhala ndi chitsulo chozungulira cha mano chimene chimatsitsidwa pa thabwa logonekedwa pa tebulo lotembenuka, kotero kuti kalipentala amadula pa ngodya imene wasankha, makamaka ya madigiri 45 yomwe imalumikiza makona a mafelemu osasiya mpata. Ku Nkhotakota, kumene amisiri amapanga mipando, zitseko ndi mabwato amatabwa ogwiritsidwa ntchito pa nyanja ya Malawi, macheka abwino ndi amene mutu wake umapendekekanso cham'mbali, popeza matabwa ambiri a bwato amakumana mopendekeka mbali ziwiri nthawi imodzi. Mitengo yolimba monga mlombwa ndi mbawa imafuna chitsulo cha mano 60 mpaka 80 chomwe chimadula mosalala, pamene cha mano 24 chimafulumira koma chimanyotsola m'mphepete. Wogula ayenera kutsimikiza ndi sikweya kuti makinawo akudula madigiri 90 enieni, kuti akugwirizana ndi magetsi a ESCOM a mavolti 230, ndiponso kuti chotchingira mano chikubwerera chokha, chifukwa ndicho chimateteza zala za mmisiri.