Chitupa cha dzulo, simu khadi ya lero

Tikamatchula Mbare, Highfield kapena Mabvuku, abale a ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete amakumbuka agogo amene anapita ku Salisbury kukafuna ntchito n'kusanduka machona. Agogowo sankayenda opanda chitupa m'thumba. Lamulo la 1946 lokhudza malo ogona ndi kalembera wa anthu akuda m'matauni linapatsa boma la atsamunda mphamvu yodziwa amene wagona m'nyumba iliyonse, ndipo apolisi ankagogoda usiku m'mahositelo a ku Mbare kusaka opanda mapepala. Chifukwa chimene ankapereka chinali bata ndi chitetezo.

Zidzukulu zawo lero zimayenda ndi foni, koma kalemberayo sanathe. Mu 2007 boma la Zimbabwe linakhazikitsa lamulo la Interception of Communications Act, lolola kumvetsera mafoni ndi kuwerenga mauthenga a anthu. Mu 2013 panabwera malamulo osonkhanitsa pamodzi dzina, adiresi ndi nambala ya chitupa ya aliyense wokhala ndi simu khadi. Chodabwitsa n'chakuti m'chaka chomwecho dziko linavomereza malamulo oyendetsera dziko atsopano, amene gawo lake la 57 limateteza chinsinsi cha mauthenga a munthu.

Kulemera kwa mphamvuzi kunaoneka mu Januwale 2019. Pulezidenti Mnangagwa atalengeza kuti petulo wafika pa madola 3.31 pa lita, anthu a ku Glen View, Budiriro ndi Mabvuku anatseka misewu. Pa 15 Januwale intaneti inazimitsidwa, pamene asilikali ankalowa m'makomboni. Mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika sanathenso kufunsa ngati mwana wake wafika kunyumba, ndipo wachibale wa ku Lilongwe ankangoyang'ana WhatsApp yosayankha. Pa 21 Januwale khoti lalikulu linagamula kuti nduna ya zachitetezo, Owen Ncube, inalibe mphamvu yopereka lamulo lotseka.

Tisanamizane, zoopsa za pa intaneti zilipo ndithu. Atsikana amachititsidwa manyazi zithunzi zawo zamseri zikafalitsidwa, ndipo akuba amadyera okalamba ndalama za pa foni. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 linati kufalitsa zithunzi zotere popanda chilolezo ndi mlandu, chimodzimodzinso kuzunza munthu ndi mauthenga, ndipo ine ndikuliyamikira pa zimenezi. Koma lamulo lomwelo linalanganso kutumiza uthenga wabodza wovulaza ena, mawu otakata amene wapolisi angawatambasule mmene afunira. Udindo wosamala zinsinsi za anthu unaperekedwa kwa POTRAZ, bungwe lomwe limayang'aniranso makampani a mafoni, pamene likulu lomvetsera mauthenga linaikidwa mu ofesi ya pulezidenti.

N'chifukwa chake m'magulu a WhatsApp a maliro, a mpingo ndi a gule wamkulu ku Mufakose kapena Tafara, nkhani ikangokhotera ku ndale, wina amafulumira kulemba kuti tikambirane tikakumana pamaso.