Buku Lopanda Pepala ndi Misonkhano ya Amisiri Ake

M'mwezi wa Okutobala chaka cha 1454 akuluakulu a maiko a ku Germany anasonkhana mumzinda wa Frankfurt kuti apangane za nkhondo yolimbana ndi Aturki, amene chaka cham'mbuyo mwake anali atalanda mzinda wa Constantinople. Mwa nthumwizo munali Episkopi wa ku Siena, Enea Silvio Piccolomini, yemwe patapita zaka zinayi anadzakhala Papa Pius II. Za nkhondozo zinathera m'malovu. Koma episkopiyo anaona chinthu china mumzindamo chimene sanachiiwale: masamba a Baibulo olembedwa ndi makina. Mu Marichi 1455 analembera Kadinala Juan de Carvajal kumuuza kuti malembo ake anali oyera ndi olongosoka kotero kuti kadinalayo akanatha kuwawerenga popanda mandala, ndi kuti mabukuwo, amene ena ankati alipo 158 ndipo ena 180, anali atapeza kale owagula ntchito isanathe. Limeneli ndilo Baibulo la Johannes Gutenberg wa ku Mainz.

Kuyambira nthawi imeneyo Frankfurt anasanduka bwalo la osindikiza ndi ogulitsa mabuku, ndipo msika wake, umene anauyambitsanso m'chaka cha 1949 nkhondo itatha, umachitikabe mwezi womwewo wa Okutobala. Takumbutsa zimenezi chifukwa m'masiku athu ano amisiri a mabuku akhala akusonkhananso, ku Frankfurt komweko, ku New York ndi ku Toronto, kukangana za buku la mtundu watsopano limene Azungu alitcha ebook, ndiye kuti buku lopanda pepala, lowerengedwa pa foni kapena pa kompyuta. Misonkhano yotere sitimaimva m'parishi, koma zimene imagamula zimafika m'manja mwa ana athu.

Mmodzi mwa anthu oyamba kudandaula momveka za makina anali wa Eklezia yemwe. Johannes Trithemius, mkulu wa nyumba ya Abenedikto ku Sponheim, analemba kabuku m'chaka cha 1492 kulimbikitsa abale ake kuti asaleke kukopera mabuku ndi manja. Mfundo yake inali yakuti zolembedwa pa chikopa zitha kukhala zaka 1,000, pamene za papepala nkovuta kuti zipyole zaka 200. Ambiri amamseka chifukwa m'chaka cha 1494 kabuku komweko anakapereka kwa osindikiza a ku Mainz kuti kafike kutali. Ife sitimseka. Pa za pepala anaphonya, pakuti Mabaibulo 49 a Gutenberg, athunthu ndi osakwanira, akalipo mpaka lero, ndipo ochuluka mwa iwo ndi a pepala. Koma funso lake, lakuti chimene tikulemberapo chidzakhala zaka zingati, linali funso la munthu wanzeru, ndipo tikumana nalonso.

Ndi ochepa amene amadziwa kuti mmodzi mwa oyamba kulowetsa mabuku m'kompyuta anali wansembe. Bambo Roberto Busa, wa chipani cha Ayezuiti ku Italy, ankafuna kusanthula mawu onse a Thomas Aquinas Woyera, liwu ndi liwu, kuti aone momwe mphunzitsi wamkuluyo ankagwiritsira ntchito ngakhale timawu tating'ono ta Chilatini. Mawuwo anali oposa 10 miliyoni, ntchito yoti moyo wa munthu mmodzi sungaikwanitse. M'chaka cha 1949 anapita ku New York kukaonana ndi Thomas Watson, mkulu wa kampani ya IBM, ndipo anamkopa kuti athandize. Ku Gallarate, pafupi ndi Milan, atsikana amene anawaphunzitsa ntchitoyo anakhala zaka akuboola makadi, pakuti makina a nthawi imeneyo ankawerenga timabowo ta pa kadi. Zotsatira zake, Index Thomisticus, zinatuluka m'mabuku 56 pakati pa 1974 ndi 1980. Tizindikire ulendo wa ntchitoyi: inachoka pa makadi kupita pa matepi, kuchoka pa matepi kupita pa CD, ndipo m'chaka cha 2005 inafika pa intaneti. M'moyo wa wansembe mmodzi mawu omwewo anasamutsidwa katatu, chifukwa nthawi iliyonse makina owawerenga ankatha ntchito.

Ku America, pa 4 Julayi 1971, mnyamata wa pa yunivesite ya Illinois dzina lake Michael Hart anataipa m'kompyuta chikalata cha ufulu wa dziko lake kuti aliyense achitenge kwaulere. Ntchito yake anaitcha Project Gutenberg. Inayenda pang'onopang'ono, kotero kuti buku lakhumi, lomwe linali Baibulo la King James, linatha m'chaka cha 1989, koma tsopano muli mabuku oposa 70,000. Bambo Busa ndi Hart anamwalira chaka chimodzi, 2011, wina mu Ogasiti wina mu Seputembala.

Chaka chimene zinthu zinatembenuka ndi 2007. M'chaka chimenecho wofalitsa mabuku wa ku America, Tim O'Reilly, anayambitsa msonkhano wotchedwa Tools of Change for Publishing, kuti akonzi, osindikiza ndi akatswiri a makompyuta, anthu amene kale sankamvana chilankhulo, akhale pamodzi. Mu Seputembala bungwe la IDPF linakhazikitsa EPUB, ndondomeko yopangira buku lopanda pepala imene aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito. Mu Novembala kampani ya Amazon inatulutsa makina ake owerengera, Kindle, pa mtengo wa madola 399, ndipo mabuku ake anali a ndondomeko yakeyake, yosatsekuka pa makina a kampani ina. Mkangano waukulu wa misonkhano yotsatira unagona pamenepo: kodi buku likhale ngati chitsime cha mudzi, kapena ngati mpopi wa m'mpanda wa munthu?

Ntchito yeniyeni ya amisiriwa ndi yonyozeka m'maso. Buku la EPUB lilibe tsamba lokhazikika; mawu amayenderera ngati madzi, kudzaza galasi lalikulu kapena laling'ono monga mwa kukula kwake. Nchifukwa chake mmisiri ayenera kuuza makina chinthu chilichonse: uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, ichi ndi chithunzi, iyi ndi nambala ya vesi. Buku la nthano ndi losavuta. Koma taganizani za buku la Misa, momwe muli mawu a wansembe, mayankho a anthu, malangizo a inki yofiira ndi nyimbo. Likapangidwa mosasamala zonse zimasakanikirana, ndipo mkhristu sadziwa poyankha. Ngakhale kalembo kamodzi kali ndi mbiri yake. Ŵ wa m'dzina la Malaŵi makompyuta amamdziwa chifukwa alinso m'chilankhulo cha anthu a ku Wales, koma wopanga buku akasankha malembo amene mulibe kalemboka, wowerenga amangoona kabokosi.

Nkhani imene inatentha kwambiri inali ya maloko amene makampani amaika pa mabuku kuti asakopedwe. Wolemba ayenera kudya thukuta lake, ndipo palibe Mkhristu angatsutse zimenezo. Komabe loko ali ndi mwini kiyi, ndipo mwiniyo si wogula. Mu Julayi 2009 Amazon inafufuta mabuku awiri a George Orwell, 1984 ndi Animal Farm, m'makina a anthu amene anali atawalipira kale, chifukwa amene anawagulitsa analibe chilolezo. Ndalama anabweza ndipo mkulu wa kampaniyo, Jeff Bezos, anapepesa, koma anthu anali ataona kuti dzanja lakutali litha kulowa m'nyumba usiku nkuchotsa buku pa alumali. M'chaka cha 2019 kampani ya Microsoft inatseka sitolo yake ya mabuku, ndipo mabuku onse ogulidwa kumeneko analeka kutsekuka. Tonse tikuwadziwa mabanja amene akusungabe buku la mapemphero la agogo, lothothoka chikuto, lokhala ndi maina a ana ndi masiku a ubatizo patsamba loyamba. Buku lokhala ndi loko simungalisiyire mdzukulu motero, pakuti chimene munagula ndi chilolezo chowerenga chabe. Apa Trithemius akanagwedeza mutu.

Tikanalakwa tikanangonena zoipa zokha, chifukwa chipatso chokoma koposa cha misonkhanoyi chinagwera anzathu osaona. Buku la malembo a Braille ndi lalikulu ndi lodula. Baibulo lathunthu limadzaza alumali yonse. Bungwe la DAISY, limene malaibulale a anthu osaona anakhazikitsa m'chaka cha 1996, linagwira ntchito limodzi ndi amisiri a EPUB, ndipo EPUB 3 ya m'chaka cha 2011 inalola kuti buku lomwelo liwerengedwe ndi maso, limveke ndi makutu, kapena lituluke pa kachipangizo ka Braille. Wosaona atha kudumpha kuchoka pa mutu wina kupita pa wina, malinga mmisiri uja anaika zizindikiro moyenera. Mu Juni 2013 maiko anasainirana pangano ku Marrakesh lolola kuti mabuku otere apangidwe ndi kuwoloka malire popanda kudikira chilolezo cha eni ake, ndipo kuyambira pa 28 Juni 2025 lamulo la maiko a European Union likufuna kuti mabuku atsopano opanda pepala akhale oti wolumala atha kuwawerenga. Piccolomini anakondwa ndi buku losafuna mandala. Ili ndi buku losafuna maso.

Msonkhano wa Tools of Change unatha m'chaka cha 2013, ndipo IDPF inalowa m'bungwe la W3C, loyang'anira ndondomeko za intaneti, m'chaka cha 2017. Aneneri amene ankati pepala lifa m'zaka zochepa anaphonya monga Trithemius. Mabuku a mitundu yonse iwiri akugulitsidwa limodzi.

Chotsala kwa ife ndi mabuku a Chichewa amene anatuluka ku Likuni ndi ku Montfort Press ku Limbe: makatekisimu, mbiri za oyera, mabuku a nyimbo ndi a miyambi, amene ena atsala m'makabati a nyumba za ansembe momwe chiswe sichigona. Kujambula tsamba ndi foni nkosavuta, koma chithunzi si buku. Makina otembenuza chithunzi kukhala mawu amalakwitsa, makamaka pa pepala lakale, ndipo wosaona sangamve kanthu pa chithunzi. Anthu a Project Gutenberg anapeza njira m'chaka cha 2000: anagawana ntchito yokonza zolakwa pakati pa anthu odzipereka, aliyense tsamba limodzi pa nthawi, ndipo tsamba lililonse limadutsa m'maso mwa anthu angapo. Eni mabukuwo akavomera, ntchito yotere ingafune aphunzitsi opuma, makatekisiti ndi achinyamata odziwa kutaipa, ndipo parishi iliyonse ili nawo.